Tsiku Lomwe Ndinatengera Bambo ku Koleji

Bambo anga ankawamba fodya. Zaka zoposa makumi awiri anali kapitawo wa mabalani, nyumba zowambiramo fodya, pa pulazi ya mzungu wina kumpoto kwa Harare. Sukulu analekera Sitandade 2. Chida choyezera kutentha chinkalendewera pakhomo la balani, koma iwo ankachiyang'ana pongofuna kusangalatsa mzungu. Ankangolowa, kununkhiza, kumva kutentha m'makutu, kukulunga tsamba pachala, basi adziwa ngati nkhuni ziwonjezedwe pa ng'anjo kapena zisiyidwe.

Mapulazi atayamba kulandidwa, amene anabwera ndi ng'oma ndi nkhwangwa anatiuza kuti tizipita kwathu. Kwathu kuti? Bambo anachoka ku Malawi ali kumsana kwa agogo. Ine ndiye ngakhale malire ake sindinawaonepo. Tinakathera ku Kuwadzana, dera lina la mu Harare, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, amayi n'kuyamba kugulitsa tomato ndi masamba pamphambano. Bambo ankagwira maganyu okumba zitsime, popeza mipopi inali itauma. Koma chimene chinkandiwawa ine si umphawi, umphawi unali wa tonse mumsewu wathu. Chinkandiwawa n'chakuti bambo anasiya kulankhula. Munthu amene ankati akakuwa ku mabalani mawu n'kumveka mpaka ku komboni, tsopano ankangokhala pa kileti pambali pa tebulo la amayi, duu, kuonerera makombi, maminibasi a kuno. Ukawafunsa kanthu, "Kaya." Ukawapatsa chakudya, "Zikomo." Tsiku lonse mawu awiri.

Ine ndinalowa koleji ya zaulimi m'zaka zija m'masitolo munali pululu, anthu akufola mzere osadziwa n'komwe chimene chikugulitsidwa kutsogoloko. Aphunzitsi ankathawira ku Joni mmodzimmodzi. Lero akuphunzitsani, mawa mukapeza ofesi yokiya. Mabuku amene tinkagwiritsa ntchito anali a nthawi ya atsamunda, masamba ake ofiirira. M'buku la fodya munali zithunzi za azungu ovala akabudula ataima m'munda, mayina awo atalembedwa pansi. Pa tsamba lina panali dzanja lakuda litagwira fodya wowamba bwino. Dzanja lokha, mwini wake chithunzi chinamudula. Ndinkaliyang'anitsitsa dzanjalo, kufuna kuona ngati linali ndi chipsera pa chala chachikulu ngati la bambo.

Ndiye kunabwera mphunzitsi watsopano, wochokera kunja kumene anakaphunzira mpaka kukhala dokotala wa zamaphunziro. Tonse tinkangoti a Dokotala. Ankavala malaya a chitenje, ndipo pakamwa pawo panali posalala, abale. Tsiku loyamba ananyamula buku lija n'kulimenyetsa patebulo, fumbi n'kuti koboo.

"Mabuku awa analembedwa kuti muzidzinyoza," anatero m'Chingerezi. "Tinalanda dziko, tinalanda minda, koma m'mitu mwathu mtsamunda akadali gone. Tichotse utsamunda m'maphunziro. Anthu athu ali ndi nzeru zimene sizinalowepo m'buku. Amene ali ndi wachikulire wodziwa zaulimi abwere naye, adzaime pano ndaima inepa."

Ndinaomba m'manja kuposa aliyense, mpaka wa pambali panga anandicheukira. Ndinadziuza kuti eya, wabwera munthu.

Bambo anayamba akana. "Ine? Kukaima pamaso pa anthu ophunzira? Usandiseketse, mayi." Ankanditchula mayi, ine mwana wawo wamkazi. Ndinawakakamira sabata yathunthu. Ine ndikakakamira chinthu ndimatopetsa, amayi amadziwa. Tsiku lina m'mawa bambo anasowa. Anabwera madzulo mapazi ali mbuu, atayenda wapansi mpaka cha ku Lochinvar, kumene mnzawo wakale wa ku pulazi ankasesa m'nyumba yosungiramo fodya. Anabwera ndi masamba atatu okulunga m'nyuzipepala yonyowetsa pang'ono kuti asafumbutuke. Lina lachikasu losalala, lina lokhala ndi mawanga obiriwira, lina lakuda ngati chiwindi.

"Ili anachita bwino," anatero akuwayala pabedi. "Ili anafulumira. Ili anagona."

Kuyambira tsikulo anayamba kulankhula. Ankayeserera phunziro lawo pa tebulo la tomato, m'Chishona chawo chotsimphina, amayi akuwakonza mawu uku akutumikira makasitomala. Amayi ankaseka mpaka misozi. Anachita kubwereka simbi kwa eni nyumba n'kusita jekete la bambo la ku tchalitchi, lija ankavala akamagawa mgonero, pakuti anali mkulu wa mpingo.

Tsikulo tinakwera lole ya mchenga mpaka m'tauni, kwinako wapansi. Titafika, ndinawasiya pakhomo lalikulu la holo, ndinati dikirani pompano ndikawauze a Dokotala. Pobwera, bambo palibe. Ndinazungulira uku ndi uku, thukuta kamukamu. Ndinakawapeza kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi migolo ya zinyalala, ataima pa kachitseko ka anthu osesa, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mukutani kuno?"

"Si kuno kolowera ife?"

Mxii! Sindinawapsere mtima iwo ayi. Ndinapsera mtima pulazi ija, imene inawaphunzitsa kuti nyumba iliyonse yaikulu ili ndi khomo la anthu ndi khomo la iwo. Ndinawagwira dzanja n'kuwazungulitsa mpaka kutsogolo. "Lero mulowera apa," ndinatero. "Mwaitanidwa."

Woyamba kulankhula anali gogo wina wa kumidzi, amene anafotokoza za kusunga mbewu ya mapira m'phulusa. Analankhula bwino, sindingamunamizire, ndipo a Dokotala anachita kuimirira pomuombera m'manja. Kenako anaitana bambo. Anawalozera mpando, koma bambo anakana kukhala pamene munthu wophunzira waima. Anapinda mawondo pang'ono n'kuti, "Zikomo mabwana." Kumbuyo kunamveka tikhikhi. Iwo sanamve, kapena anachita ngati sanamve. Anamasula nyuzipepala ija n'kukweza tsamba lachikasu.

Anayamba ndi mawu otsika, koma atafika pa fungo mawu anakwera. Anati fodya akayamba kusintha mtundu m'balani amanunkhira ngati nthochi yoyamba kupsa, ndipo munthu amene sadziwa fungo limenelo asakhudze nkhuni. Ena anayamba kulemba. Ine ndinali pampando wakutsogolo, ndikumvetsera.

Sanathe ngakhale mphindi zitatu. A Dokotala anakweza dzanja.

"Sekulu, pepani ndikuduleni," anatero m'Chishona, akumwetulira. Sekulu ndiye kuti agogo. "Fodya ameneyu ndi mbewu ya mzungu, balani ndi ya mzungu. Zimenezo ndi zomwe tikufuna kuchotsazo. Ife tikufuna nzeru za makolo. Kumudzi kwanu ndi kuti? Mfumu yanu ndani?"

Bambo anayang'ana ine, kenako pansi. "Ndinakulira pa pulazi, bwana."

"Mubulandaya!" wina anakuwa kumbuyo. Ndi dzina lomwe amatinyozera nalo ife a ku Malawi, ngati tonse tinatsika basi imodzi kuchokera ku Blantyre. Holo yonse inaphulika ndi chikhakhali.

A Dokotala anawaletsa ndi dzanja, koma nawonso mano anali panja. "Aa, ndamva tsopano. Ndiye bwanji mutiuzeko za gule, sekulu? Zilombo zanu zija. Zimenezo ndiye zanuzanu."

Mkulu wa mpingo, atavala jekete la mgonero, atanyamula ntchito ya moyo wake wonse m'manja, akumufunsa za gule! Bambo anatsitsa tsamba lija. Anayamba kukulunga masamba aja mwakachetechete, limodzilimodzi, kusamala kuti asathyoke.

Ine ndinangozindikira ndaima. "A Dokotala, balani ndi ya mzungu, inde. Nanga mphuno? Mphuno ya bambo anga ndi ya mzungunso? Mzungu uja sanaikepo chikuni ngakhale chimodzi pa ng'anjo. Ankabwera m'mawa atagwira kapu ya tiyi, kufunsa bambo anga kuti zili bwanji, n'kukalemba. Mabuku mwamenyetsa patebulowa ndi nzeru za anthu awa, anangowadula mitu pazithunzi. Lero mwawaitana nokha, ndiye mukuwadulanso?"

"Khala pansi, mwanangu," anatero a Dokotala modekha, kudekha kuja kumene kumakupangitsa kuoneka wamisala. "Nkhani ya kuti mbadwa ndani ndi yozama. Tidzaikamba bwino m'chaka chachitatu."

Chaka chachitatu! Bambo anga ataima pompo.

Ndinaphunzira chinthu tsiku limenelo chimene sichinali pa ndandanda ya maphunziro. Kwa atsamunda, bambo analibe nzeru chifukwa analibe pepala. Kwa ochotsa utsamunda, analibe nzeru chifukwa analibe mudzi. Amene anabadwira m'komboni, amene chitupa chawo chili ndi chilembo chosonyeza kuti ndi alendo, amene analima dziko lino kuyambira agogo awo, akadziwa chinthu chimakhala cha ndani? Mpaka lero palibe wandiyankha.

Tinabwerera kunyumba. Masamba aja bambo anapatsa gogo wina woyandikana nafe kuti apere fodya wamphuno. M'mawa mwake anabwerera pa kileti yawo. "Kaya." "Zikomo." Ndipo ndine ndinawakokera kumeneko, ine ndi kukakamira kwangako.

Patapita masabata atatu, a Dokotala anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapita nditakonzeka kuchotsedwa sukulu. Ndinawapeza akuzungulirazungulira, akukanda m'mutu. Anayamba ndi kundifunsa za maphunziro, za amayi, za mvula. Kenako zinatuluka. Nawonso anapatsidwa munda pa pulazi ina yolandidwa. Analima fodya koyamba. Balani yoyamba yonse yatuluka yakuda, yachiwiri ikuoneka kuti ikulowera komweko.

"Sekulu aja," anatero, "sangapeze mpata Loweruka?"

Ha! Ndinaseka mokweza, mu ofesi yawo yomwe. Ndinati, "Fodya si mbewu ya mzungu kodi? Itanani gule adzakuvinireni pa balanipo." Ndinatuluka chitseko osatseka.

Kunyumba ndinafotokoza nkhaniyi ngati chigonjetso, kuyembekeza kuti bambo aseka. Ndisanamalize n'komwe, anali atagwada akusuzumira pansi pa bedi kufuna nsapato zawo za ntchito.

"Bambo, mukuchita chiyani? Munthu anakuchititsani manyazi pamaso pa ana!"

"Nanga fodya walakwa chiyani?"

"Muloleni awole!"

"Iwe," anatero, n'kundiyang'ana koyamba m'masabata atatu, "ukudziwa kuti tsamba limodzi limadutsa m'manja angati lisanalowe m'balani? Pakamwa pakopo uzipapumitsako."

Loweruka tinapita pa galimoto ya a Dokotala. Ndinatsagana nawo kuti wina asawachite chipongwe kachiwiri. Pulazi sinali yathu ija, koma mapulazi amafanana: mitengo ya bulugamu, mabalani a njerwa ataima mzere, komboni kumunsi. Antchito amene tinawapeza pa ng'anjo anali anthu ngati ife, otsalira a mzungu wakale, koma wodziwa kuwamba anali atathamangitsidwa kalekale. Bambo atangotsika n'kumva fungo, msana wawo unawongoka. Anatsegula chitseko cha balani, nalowetsa mutu, natuluka nkhope ili nyowe.

"Ndani watseka mazenera?" Anakuwa m'Chichewa, mawu aja a kale, mpaka nkhuku zinabalalika. "Mukuphika ndiwo kodi muno? Tsegulani apansi! Iwe, kwera utsegule apamwamba! Chotsani chikuni icho!"

Anthu anathamanga. A Dokotala ankawatsatira pambuyo ndi kabuku ndi cholembera, akundikodola kuti ndizimasulira, chifukwa bambo sanavutikenso ndi Chishona. Anafotokoza zonse. Anati usawerenge masiku, uziyang'ana tsamba. Likachita chikasu n'kuyamba kufota, moti ukalikulunga pachala osathyoka, uyambe watsegula mazenera kuti chinyezi chituluke, kenako moto pang'onopang'ono. Ukayamba ndi moto mazenera ali otseka, fodya amachita thukuta n'kuda, ndipo wakuda sabwerera. Anati pomaliza utenge tsamba, upinde msana wake pafupi ndi khutu. Ukamva thyo, zimitsa moto.

Anakhala kumeneko sabata ndi theka. Anabwera ndi ndowa ya chimanga pamutu ndi nkhani zosatha. "Amalemba zonse, mayi," ankatero. "Ndikangotsokomola, alemba." Ankaseka. Ine ndinameza mkwiyo wanga, chifukwa bambo anali atayambanso kulankhula, ndipo ndicho ndinkafuna.

Kenako koleji inatsekedwa miyezi ingapo, madzi kunalibe, aphunzitsi ananyanyala. Titatsegulira, a Dokotala anatigawira mapepala a phunziro latsopano, tsamba limodzi anthu anayi chifukwa mapepala ankasowa. Mutu wake unali wakuti nzeru za makolo athu pa kawambidwe ka fodya. Pamwamba dzina lawo, ndi zilembo zonse za madigiri awo. Ndinawerenga: nthochi yoyamba kupsa. Kukulunga pachala. Kupinda msana wa tsamba pafupi ndi khutu. Ndipo poyambirira analemba kuti izi alimi a dziko lino akhala akuzidziwa kuyambira makedzana. Za bambo, ngakhale kungoti wachikulire wina, munalibe.

Makolo athu! Dzulo lomweli anali mubulandaya wopanda mudzi, lero wasanduka makolo a eni ake. Ndinalanda pepalalo kwa anzanga atatu aja n'kupita nalo kunyumba.

Ndinawawerengera bambo pa tebulo la tomato, ndikumasulira mzere ndi mzere, ndikudikira kuti akwiye. Sanakwiye. Ankagwedeza mutu, kumwetulira, kugunda amayi ndi chigongono. "Wamva? Nthochi. Ndine ameneyo." Za dzina sanafunse n'komwe. Koma nditafika pakati, anakweza chala.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza. Pepalalo linkati pa tsiku lachitatu wonjezera moto, ndipo kutentha kukakwera tsegula mazenera.

"Ayi, ayi, ayi. Watembenuza. Mazenera kaye. Ndiponso za tsiku lachitatuzo wazitenga kuti? Ukamuuze mawa, akonze."

"Asiyeni awotche," ndinatero. "Si nzeru za makolo awo? Akafunse makolo awowo."

Bambo anatembenukira kwa ine. "Ukuganiza kuti fodya akada amathamangitsa ndani? Wophunzira uja wabwera ndi pepala? Amathamangitsa wa pa ng'anjo, amene wangochita zimene wauzidwa. Iye ndi ana ake, katundu pamsewu. Ukamuuze." M'mawa mwake ananyamuka kupita ku Mabvuku, tsidya lina la mzinda, kumene anapeza ganyu ya zitsime ya masabata angapo.

Ndinapitadi ku ofesi. Mulungu ndi mboni, ndinalowa ndi uthenga wa bambo pakamwa. Koma nditaona a Dokotala atakhala phee kumbuyo kwa tebulo, mulu wa mapepala aja uli pambali, china chinatsogola.

"Dzina la bambo anga lili kuti apa?"

Anavula magalasi. "Mwanangu, apa ndi pomwe utsamunda wakugwira. Kwa ife anthu akuda nzeru si za munthu mmodzi. Ndi za mtundu wonse. Zomati izi ndi zanga, izi ndi za bambo anga, ndi maganizo a azungu."

"Nanga ili pamwambali ndi dzina la mtundu wonse?"

"Ilo ndi lamulo la koleji."

Akanangoti pepani. Akanangoti ndinaiwala, ngakhale monama. Anabwezera magalasi kumaso n'kufunsa ngati panali china. Panali china. Ndinachimva chili palilime, mawu anayi okha: mazenera kaye, moto pambuyo. Ndinawayang'ana m'maso n'kuti, "Palibe." Ndinatuluka mtima ukuti, awotche, awotche onse, ndi aja ankaseka kumbuyo aja, aliyense akadetse balani yake.

Mayeso atafika, funso la kawambidwe ka fodya linalipo. Ndinakhala ndi cholembera m'mwamba kwa kanthawi. Ndinkadziwa yankho loona, ndinalimva ndi makutu anga, ndinalimasulira ndi pakamwa panga. Koma wochonga anali a Dokotala, ndipo ine ndinkafuna pepala langa. Ndinalemba kuti tsiku lachitatu, moto kaye, mazenera pambuyo. Ndinakhoza bwino kwambiri. Tinali anthu odzaza holo, ndipo ambiri a ife anapita kukakhala alangizi ndi mamanejala m'mapulazi, aliyense ndi pepala lija m'chikwama.

A Dokotala ndimawakwiyirabe mpaka lero, ndipo sindidzasiya. Ndimakwiyira aliyense amene amati akumasula maphunziro koma akufuna kusankha yekha kuti womasulidwa ndani. Koma iwo analakwitsa mzere uja posadziwa. Amene ankadziwa m'holo monse muja ndinali ine ndekha.

Bambo anabwerako ku Mabvuku masana ena, dothi lofiira lili m'zikhadabo, ataonda. Sanakhale n'komwe pansi. Anaika khasu ndi chingwe pambali pa tebulo la amayi n'kundiitana.

"Unamuuza?"

"Ndinawauza, bambo."

"Anati chiyani?"

"Anati akonza."

Nkhope yawo inawala yonse. Anatembenukira kwa amayi, amene ankapanga milu ya tomato osandiyang'ana.

"Wamva, mayi a mwana? Akonza. Munthu wophunzira chonchija, kukonza pepala lake chifukwa cha ine." Anakhala pa kileti, navula nsapato, akupukusa mutu ndi chimwemwe. "Ndiye kuti amandimva, eti?"

"Amakumvani, bambo," ndinatero, n'kunyamula chigubu kupita kukawatungira madzi osamba.